Musanagule chimbale chosainidwa cha Deep Purple, dziwani kaye amene anali mu bandiyo chaka chimenecho

Nkhani iyi ndikulemba chifukwa cha mnyamata wina wakwathu amene timagwira naye ntchito kuno ku England. Amadziwa kuti ine ndi Deep Purple, bandi ya rock ya kuno ku England, sitisiyana, nde tsiku lina pa buleki anandionetsa chithunzi pa foni yake, munthu wina pa intaneti akugulitsa chimbale cha Now What?! chodzadza ndi masiginecha, akuti "achimwene taonani ichi, asaina onse mpaka Jon Lord, ndiponye ndalama?" Ndinamuuza kuti asayerekeze. Chimbale chimenecho chinatuluka mu 2013 pomwe Jon Lord, amene ankaimba limba mu bandiyi, anamwalira mu July 2012, komanso mu bandiyo anali atatsanzika kalekale mu 2002, nde anasaina bwanji chinthu choti sichinali chitatuluka? Mnyamatayu sikuti ndi wogona ayi, nyimbo amazikonda zenizeni ndipo amazidziwa, chimene sankadziwa ndi nkhani ya amene analowa liti ndipo anatuluka liti, ndipo ambiri amene amadyeredwa ndalama pa masiginecha amagwera pamenepo.

Ine rock ndinaidziwira kwa malume anga amene ankagwira ntchito ku Kitwe. Achinyamata ambiri sadziwa kuti ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 kunali rock yamphamvu, ma bandi ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, anthu ankakuntha magitala olira mokalipa ndithu, ndipo amene ankakonda zimenezo ankamveranso Jimi Hendrix, Black Sabbath ndi Deep Purple. Malume akabwera kumudzi ankabwera ndi makaseti ojambulitsa, opanda chikuto, dzina lolembedwa ndi bolopeni basi, ndipo ankandiuza kuti "mphwanga khala apa umve mmene anthu amaimbira gitala". Kaseti imene inandigwira mtima inali ya Made in Japan ya Deep Purple. Nkhope zawo sindinkazidziwa, maina awonso ayi, zonsezo ndinadzazidziwa nditabwera kuno nditayamba kutola ma LP akale, zimbale zikuluzikulu zija za galamafoni, m'mashopu a kaunjika ndi m'misika ija anthu amagulitsira katundu m'mabuti a galimoto Lamlungu m'mawa.

Mafani a Deep Purple amawerenga magulu a bandiyi ndi manambala, amati Mark 1, Mark 2 mpaka Mark 9 imene ilipo panopa. Mukalowa mu nkhani ya masiginecha mukuyenera kuwadziwa pamtima.

Mark 1 ndi imene inayambitsa zonse mu 1968, woimba Rod Evans, gitala Ritchie Blackmore, limba la Hammond Jon Lord, besi Nick Simper, ng'oma Ian Paice. Anatulutsa zimbale zitatu mwachangu, Shades of Deep Purple, The Book of Taliesyn ndi china chongotchedwa Deep Purple, ndipo anatchuka kwambiri ku America kuposa kwawo. Mu 1969 Evans ndi Simper anachotsedwa, kunalowa Ian Gillan ndi Roger Glover ochokera mu bandi ya Episode Six, iyi nde Mark 2 imene dziko lonse limaidziwa, ya In Rock mu 1970, Fireball mu 1971, Machine Head ndi Made in Japan mu 1972, ndi Who Do We Think We Are mu 1973. Smoke on the Water ija aliyense wophunzira gitala amayambira ndi ya gulu limeneli, inachokera pa moto umene unatentha kasino ya ku Montreux ku Switzerland mu December 1971 Frank Zappa ali pa siteji, iwo atapita kukajambula chimbale komweko. Koma Gillan ndi Blackmore sankamwerana madzi, ntchito inali yambiri, maulendo osatha, mpaka pakati pa 1973 Gillan anachoka, Glover nayenso anatuluka.

Apa nde panabwera David Coverdale, mnyamata amene panthawiyo sankadziwika n'komwe ankagulitsa zovala mu shopu kumpoto kwa England, ndi Glenn Hughes wa bandi ya Trapeze amene ankaimba besi komanso mawu, tsono bandi inakhala ndi oimba awiri. Iyi ndi Mark 3, ya Burn ndi Stormbringer, zonse za 1974. Blackmore sanasangalale ndi kafungo ka funk ndi soul kamene kanayamba kulowa, mu 1975 ananyamuka kukayambitsa Rainbow ndi Ronnie James Dio. M'malo mwake analowa Tommy Bolin wa ku America, Mark 4, chimbale chimodzi chokha Come Taste the Band chakumapeto kwa 1975, shoo yomaliza ku Liverpool mu March 1976 bandi n'kutha, ndipo pa 4 December 1976 Bolin anamwalira ku Miami ali ndi zaka 25 zokha chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo. Madeti a Bolin awa asungeni bwino.

Mu 1984 Mark 2 inabwererana n'kutulutsa Perfect Strangers, kenako The House of Blue Light mu 1987, mkangano wakale n'kuyambiranso, Gillan anachotsedwa mu 1989, Joe Lynn Turner anaimba pa Slaves and Masters ya 1990, Gillan anabwerera pa The Battle Rages On ya 1993, ndipo mu November chaka chomwecho Blackmore anachoka ulendo uli mkati osadzabwereranso. Joe Satriani anagwirizira malo miyezi ingapo kuti ma shoo asafe koma chimbale cha mu studio sanajambule nawo. Steve Morse analowa mu 1994, Don Airey analowa m'malo mwa Lord mu 2002, ndipo mu 2022 Morse anachoka kuti akasamalire mkazi wake amene ankadwala khansa, malo ake anatenga Simon McBride wa ku Northern Ireland amene ali pa chimbale cha =1 cha 2024. Pa onsewa munthu mmodzi yekha amene wakhalapo kuyambira tsiku loyamba mpaka lero ndi Ian Paice.

Tsono mafani amakangana koopsa pa zimenezi, mukalowa m'magulu awo muona anthu akuluakulu a imvi akutukwanizana usiku wonse, ena amati popanda Blackmore palibe Purple, ena amati Mark 3 ndi imene inali ndi mawu, ena safuna kumva n'komwe dzina la Turner. Ife a ku Malawi mkangano umenewu timaudziwa, Evison Matafale atamwalira mu 2001 ambiri ankati Ma Blacks atha, Musamude atapitanso mu 2007 anabwereza zomwezo, koma Anjiru ndi anzake anapitiriza ndipo pali ana amene anakula akudziwa Black Missionaries ya Anjiru yokha ndipo kwa iwo imeneyo nde yeniyeni. Ine maganizo anga sindibisa, Mark 2 ya 1970 mpaka 1972 palibe imene imaifika, gitala ya Blackmore ikamathamangitsana ndi limba la Lord thupi limachita tsemwe. Koma zoti bandi inafa mu 1993 ndimakana. Blackmore mukaphatikiza nthawi zake ziwiri anakhala zaka pafupifupi 16, Morse anakhala zaka 28, ndipo Purpendicular ya 1996 ndi chimbale choti munthu wachilungamo sangachinyoze. Come Taste the Band nayonso anthu anaiponda popanda chifukwa, mverani mmene Bolin amaseweretsera gitala mmenemo muone. Chimene chimandipweteka mpaka pano ndi cha 2016 pamene bandiyi inalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, malo a ku America olemekezerako akatswiri a rock, anatenga Blackmore, Lord, Paice, Gillan, Glover, Evans, Coverdale ndi Hughes, koma Nick Simper amene anayambitsa nawo bandi n'kuimba pa zimbale zitatu zomwezo zimene Evans anaimba anamusiya kunja. Sindinamvetse ndipo sindidzamvetsa.

Nde zonsezi zikukhudzana bwanji ndi ndalama zanu? Tsiku lina ndinapita ku msika wa ma rekodi umene umachitikira mu holo ina, matebulo mbali zonse, mabokosi a ma LP, fungo la makatoni akale. Pa tebulo lina bambo wina anaimika Come Taste the Band mu pulasitiki, chikuto choyera chija chokhala ndi tambula ya vinyo, masiginecha asanu a inki yakuda oyalidwa bwinobwino, Coverdale, Hughes, Lord, Paice, ndi Tommy Bolin pakona. Mtima unagunda sindinama, chifukwa siginecha ya Bolin pa chimbale chimenechi ndi chinthu chosowa kwambiri, taganizani chinatuluka kumapeto kwa 1975 mwini wake n'kumwalira kumapeto kwa 1976, mpata wosainira unali wa chaka chimodzi chokha. Mtengo unali wa mapaundi mahandiredi angapo, ndipo pambali pake panali setifiketi yokongola ya chidindo chonyezimira. Ndinapempha mwaulemu kuti bwana ndingaone kumbuyo? Anandipatsa. Kumbuyo kunali barcode, ndipo timalemba tating'ono tam'munsi tinkanena za 2010, kutanthauza kuti chinali chimbale chobwereza chija anatulutsa pokumbukira zaka 35. Munthu anamwalira 1976 wasaina katoni yosindikizidwa 2010. Ndinamuonetsa bamboyo ndi chala osakweza mawu, iye anangoti nayenso anagula kwa wina ndipo setifiketi ilipo, kaya ankanena zoona kaya ayi ine ndinabweza chimbale n'kupita tebulo lina. Koma chinandiwawa poganiza kuti tsiku lomwelo kapena sabata yotsatira wina amene amamukonda Bolin ndi mtima wonse anadzatulutsa ndalama ya lendi pa chinthu chimenecho.

Kuyambira pamenepo chinthu choyamba chimene ndimachita sikuyang'ana siginecha ayi, ndimatembenuza chimbale. Chaka chosindikizira, kampani, barcode ilipo kapena palibe. Ma LP oyambirira a zaka za m'ma 1970 koyambirira analibe barcode. Ma CD anayamba kugulitsidwa mu 1982, nde CD iliyonse yokhala ndi dzina la Bolin ndi feki osafunsanso. Chilichonse chotuluka pambuyo pa July 2012 chokhala ndi Lord ndi feki. Pa Rainbow chimodzimodzi, Dio anamwalira mu 2010, woimba ng'oma Cozy Powell mu 1998. Izi sizifuna ukatswiri, zimangofuna kudziwa mbiri.

Setifiketi ija musaiope ndipo musaikhulupirire. Aliyense wokhala ndi kompyuta ndi printa akhoza kupanga yake usiku umodzi, ndipo amene wapeka siginecha sangalephere kupeka pepala. Alipo makampani odziwika oyeza masiginecha monga PSA, JSA ndi Beckett ku America, kuno ku Britain kuli bungwe la ogulitsa lotchedwa AFTAL, amenewo amathandizako chifukwa pamakhala poyambira kufunsa zinthu zikavuta, koma nawonso amapereka maganizo awo poyerekeza ndi masiginecha ena, sanalipo pamene munthuyo ankasaina. Chimene ine ndimafunsa wogulitsa ndi chakuti anasainira kuti, liti, tikiti ya tsikulo ilipo, chithunzi chilipo? Akatchula tauni ndi chaka ndimakafufuza ngati bandi inalidi kumeneko nthawi imeneyo ndipo ndi anthu ati, chifukwa ma shoo a Deep Purple mafani anawalemba pafupifupi onse pa intaneti. Wina akakuuzani kuti Blackmore anamusainira pa shoo ya Deep Purple mu 1996 mwadziwa kale kuti nkhani yapotoka.

Palinso zina zimene maso amaona mukazolowera. Pendeketsani chikuto pa kuwala, inki yeniyeni imakhala pamwamba ndipo imanyezimira mosiyana ndi pepala, pena imathina pena imachepa malinga ndi mmene dzanja linkathamangira, pomwe yosindikiza imakhala yosalala limodzi ndi chithunzi. Siginecha yokopera imaoneka yonjenjemera, munthu amaima pakati n'kupitiriza chifukwa akuyang'ana pena, pomwe mwini dzina amangokwapula kamodzi. Mukaona masiginecha asanu onse aukhondo, peni imodzi, kukula kofanana, aliyense pamalo pake ngati anachita kuyeza ndi lula, chenjerani, zosainidwa panja pa holo usiku kukuzizira sizioneka choncho, wina amasaina chopendekera wina amadutsa pa dzina la mnzake. Ndipo mukaona wogulitsa mmodzi ali ndi Deep Purple yathunthu, Led Zeppelin yathunthu, Queen yathunthu, zonse pa mtengo wofikirika ndipo sabata iliyonse akubweretsa zina, thawani.

Kenako pali gulu lina limene limasokoneza anthu ambiri, zimbale zoti masiginecha ake ndi enieni koma si a anthu a chimbalecho. Muona Machine Head kapena Made in Japan yolembedwa kuti yasainidwa ndi bandi yonse anthu asanu, mukawerenga bwino mupeza Gillan, Glover, Paice, kenako Steve Morse ndi Don Airey. Palibe wanama apa, munthu anapita ku shoo cha m'ma 2005 atanyamula chimbale chakale onse amene analipo n'kusaina. Koma chimenecho si Mark 2 yathunthu ndipo mtengo wake usafanane ndi chokhala ndi Blackmore ndi Lord. Ine pandekha sindipereka chimbale kwa munthu amene sanaimbemo. Morse ndinkamusungira Purpendicular, Airey ndi Bananas ya 2003 kapena Down to Earth ya Rainbow imene anaimbamo limodzi ndi Glover mu 1979. Ndimaona kuti ndi ulemu, munthu wagwira ntchito yake zaka zambirimbiri iwe n'kumupatsa ntchito ya munthu amene analipo iye asanalowe kuti asaine, sizikhala bwino, ngakhale ambiri mwa iwo amasaina osadandaula. Ubwino wa banja la Purple ndi woti anthu ake anayendayenda, Lord ndi Paice anakaimba ndi Coverdale mu Whitesnake, Gillan anaimba pa Born Again ya Black Sabbath mu 1983, Hughes pa Seventh Star ya Black Sabbath yomweyo mu 1986, Turner anali mu Rainbow, nde munthu mmodzi mukamupeza pali zimbale zingapo zimene zili zakedi.

Magulu ena kuwakwanitsa n'kosatheka ndipo ndibwino kuvomereza msanga. Mark 1 yathunthu ndi maloto, chifukwa Rod Evans mu 1980 anayenda ndi oimba ena ku America ndi ku Mexico akudzitcha Deep Purple, anamutengera ku khoti, analamulidwa kulipira madola oposa 600,000, ndipo kuchokera pamenepo anasowa pamaso pa anthu, ngakhale ku Hall of Fame kuja sanapite. Nde mukaona Shades of Deep Purple yosindikizidwa posachedwa ili ndi Evans wa inki yatsopano funsani mafunso ambiri. Blackmore amakhala ku America ndipo kuyambira 1997 nthawi yake yambiri amaimba nyimbo zachikalekale za ku Ulaya ndi mkazi wake Candice Night mu Blackmore's Night, sapezeka wamba, n'chifukwa chake dzina lake ndi limodzi mwa amene akuba amakonda kupeka.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi imodzi, kuona ndi maso anga peni ikuyenda. Ndipo apa ndikuuzeni chimene chinandithandiza kwambiri, musalimbane ndi ma shoo akuluakulu okha. Ku ma arena oimba amatulukira kumbuyo mu galimoto za magalasi akuda, mageti otseka, alonda ambirimbiri, mukhoza kuima mpaka miyendo kuuma osaona ngakhale chipewa. Koma anthu omwewa amaimbanso m'malo ang'onoang'ono. Ian Paice amapanga ma shoo ophunzitsa ng'oma komanso nthawi zina amaimba ndi bandi yoimba nyimbo za Purple yotchedwa Purpendicular, Glenn Hughes wakhala akuyenda ndi bandi yake akuimba nyimbo za Mark 3 ndi Mark 4, Don Airey ali ndi bandi yakeyake, Nick Simper anaimbapo nyimbo za Mark 1 ndi bandi ya ku Austria ya Nasty Habits. Siginecha ya Paice imene ndili nayo pa In Rock ndinaipeza mu kaholo kakang'ono kotero. Shoo itatha tinaima pakhomo lakumbali pafupi ndi pamene ankakwezera zida mu vani, kunkagwa kamvula kaja ka kuno kosaleka, ine chikuto ndinachibisa mkati mwa jekete mu pulasitiki, m'thumba peni ziwiri. Atatuluka anthu sanathamange, tinangopanga kamzere tokha, nditafika ndinatsegula peni ndekha n'kumupatsa chogwirira chili kwa iye, ndinagwira chikuto ndi manja awiri pansi pake nditaika katoni yolimba, anasaina pa mtambo wabuluu pamwamba pa nkhope zija zosemedwa pa phiri, ndinathokoza n'kupatuka kuti wina afike. Zonse sizinathe ngakhale miniti imodzi koma manja ankanjenjemera mpaka pokwerera basi, ndipo chikutocho ndinayenda nacho chosavundikira pansi pa denga la pa siteji ya basi mpaka inki itauma.

Zing'onozing'ono zimenezi nde zimapulumutsa. Mbale yeniyeniyo isiyeni kunyumba, tengani chikuto chokha, chifukwa mukakanikizira peni mbale ili mkati pamatsala mzere wozungulira komanso mu chipwirikiti ikhoza kusweka. Peni ikhale ya maka yosafufutika, yakuda kapena yabuluu pa chikuto chowala, ya siliva pa chakuda ngati Perfect Strangers, bolopeni pa chikuto chonyezimira imaterereka ndipo imangosiya mabala. Ya siliva ija muiyese kaye pa kapepala muli pamzere chifukwa imakonda kuuma kumutu kapena kutaya inki yambiri nthawi imodzi. Mukasainitsa musabwezere mu pulasitiki pompo, dikirani iume, ndaonapo munthu akulira siginecha itamatirira ku pulasitiki n'kutsala theka. Sankhani nokha malo oti asaine n'kuloza ndi chala, makamaka ngati mukufuna kudzawonjezera ena mtsogolo, pa Burn pali makandulo okhala ndi nkhope zawo nde aliyense akhoza kusaina pafupi ndi yake.

Ndipo tengani chinthu chimodzi, zikachuluka ziwiri. Pamakhala mavenda amene amabwera ndi chikwama chodzadza, ma LP khumi, zithunzi, ma pickguard, timapulasitiki ta pamimba pa gitala, amakankha aliyense kuti akhale kutsogolo ndipo mawa lake zonse zili pa intaneti. Oimba amawadziwa anthu amenewa ndipo akawaona ambiri amangolowa mu galimoto, tonse n'kuluza. Mukakhala ndi chimodzi chooneka kuti mwachimvera zaka zambiri, m'makona mokutha, amaona kuti ndinu fani. Ena amafunsa dzina lanu kuti alembe, ogulitsa amakana chifukwa akuti mtengo umatsika, ine ndimavomera ndi mtima wonse, sindikugulitsa. Akakana kusaina musakwiye ndipo musawatsatire ku hotela kapena kumalo odyera, awa ndi madala a zaka za m'ma 70 ena afika 80, aimba maola awiri, atopa. Kunyoza munthu pa intaneti chifukwa sanakusainire ndi khalidwe loipa.

Amene muli kumudzi ndipo simungafike ku ma shoo amenewa, njira yabwinoko ndi kudikira pamene bandi ikutulutsa chimbale chatsopano, ma bandi ambiri masiku ano amagulitsa makope ochepa osainidwa kudzera pa shopu yawo yeniyeni kapena ya kampani yawo, mukhoza kutuma m'bale wanu ali kunja kuti akuodereni msanga chifukwa amatha tsiku lomwelo. Werengani bwino ngati alemba kuti ndi yosainidwa ndi dzanja, chifukwa pali zina siginecha yake ndi yosindikiza chabe. Kapena m'bale wanuyo ngati amapita ku ma shoo mutumizireni chikuto akakuimirireni pamzere, n'kukujambulirani kavidiyo.

Kasungidwe nako ndi nkhani, makamaka kwathu. Chonde chonde musalaminete. Ndikudziwa timakonda kulamineta chilichonse chofunika kuyambira setifiketi ya MSCE mpaka kadi ya kuchipatala, koma chikuto chosainidwa mukachilowetsa mu makina otentha aja mwachipha, inki imasungunuka, pulasitiki sidzachokanso ndipo palibe wodziwa zinthu amene angadzachiwerengere. Ikani mu pulasitiki yomasuka ija yopangira ma LP, chiimike chilili osati kusanjikiza, kutali ndi khoma limene limachita chinyontho nthawi ya dzinja chifukwa chuku chikalowa mu katoni sichituluka, ndipo muziyang'anamo pafupipafupi chifukwa mphemvu zimakonda guluu wa m'mphepete ndipo chiswe mukuchidziwa kale. Dzuwa ndi mdani wamkulu, inki ya maka imazilala n'kusanduka yachikasu mukapachika moyang'anana ndi windo, ndiye ngati mukufuna kuika mu fulemu pezani galasi loteteza ku dzuwa, chikuto chisagunde galasi, ndipo mupachike kukhoma kwa mthunzi. Ine zenizeni ndimasunga mu bokosi, pakhoma ndimapachika fotokope yamakala. Mu pulasitiki momwemo kumbuyo ndimaikamo tikiti ya tsikulo ndi kapepala kolemba malo, deti ndi amene anasaina, pa kapepala kapadera osati pa chikuto, kuti ana anga tsiku lina asadzavutike kudziwa kuti ichi n'chiyani.

Burn yanga ili ndi Hughes ndi Paice basi. Lord sindinamupeze ali moyo ndipo malo ake adzakhala choncho, anthu andiuzapo kuti bwanji osagula kapepala kokhala ndi siginecha yake n'kuika pambali mu fulemu, ena amatero ndipo sindiwaweruza, koma ine ndikufuna chilichonse chili mu bokosi langa ndizitha kunena kuti ndinalipo.

Ngati mukuyamba kumene, yambani ndi amene alipo panopa osati kuthamangira Bolin ndi Evans. Gillan ndi Glover anabadwa 1945, Paice ndi Airey 1948, nthawi yowaona si yambiri. Pezani =1 imene onse asanu a lero alimo, kapena In Rock ngati mukufuna atatu a Mark 2, muziyang'ana ma shoo ang'onoang'ono a aliyense payekha m'matauni oyandikana nanu, ndipo mukagula tikiti pemphaninso ofu ya m'mawa wake kuntchito n'kuonetsetsa za pogona kapena basi ya usiku, chifukwa oimba amatuluka mochedwa ndipo sitima yomaliza imakhala itapita kale.